A Ipume ndi Chitunda cha ku Chisenga

Ku Chitipa kuno mukafunsa za a Sosten Kachingwe, anthu akuyang'anani ngati mwasokera. Koma mukati a Ipume, ngakhale wogulitsa tomato pamsika akulozerani nyumba ya mazenera opanda makatani ija. Malemuwa ankakhulupirira kuti mavuto onse a pansi pano amayamba ndi kusowa mpweya.

Kwawo kunali ku Ntcheu. Anawatumiza kuno ali mnyamata kudzagwira ntchito ya zaumoyo, nthawi imene chifuwa chachikulu chinavuta, ndipo uthenga umene anawapatsa unali wakuti anthu azitsegula mazenera. Ntchito anapuma, koma uthengawo sanaupumitse. M'tchalitchi, mwezi wa Juni, mphepo ya kuno ikuluma makutu, ankadzuka pakati pa ulaliki n'kutsegula mazenera onse. "Nyumba ipume," ankatero, n'kukhalanso pansi. Khola la nkhuku analiboola mpaka likongwe ankalowa osawerama. Mwana akalephera mayeso, iwo ankayamba afunsa ngati kalasi yake ili ndi mazenera okwanira.

Kunena kuti anali munthu wa nzeru zakuya kungakhale kunamizira wakufa. Anali munthu wa mfundo imodzi, ndipo anaisamala bwino.

Amene anaisenza mfundoyi zaka zonse ndi akazi awo, mayi Aida NyaKayira a ku Chisenga. Mayiwa sankapempha zambiri. A Ipume atapuma ntchito n'kugula galimoto yofiira ya injini yamphamvu ya tebo, mayi Aida anafuna chinthu chimodzi basi: kukafika pakhomo pa makolo awo atakhala mpando wakutsogolo, injini ikulira, azilamu awo akuona.

Galimotoyo inakhala masiku angapo ili bwinobwino. Kenako a Ipume anatsegula boneti. Anapeza bokosi lakuda la pulasitiki, momwe mpweya umadutsa usanalowe mu injini, lotsekedwa mbali zonse.

"NyaKayira, tabwerani muone nkhanza."

"Nkhanza zanji, bambo a Mwiza?"

"Aitsekera m'bokosi. Inu angakuvekeni ndowa kumutu n'kukuuzani kuti thamangani?"

"Amene anaipanga ndi opusa?"

"Si opusa. Kwawoko mpweya ndi woipa, ndiye amauopa. Kuno ndi ku Chitipa."

Mlungu womwewo anapita ku Tunduma, tauni ya kutsidya kwa malire. Anabwerako ndi fyuluta yofiira yosongoka ngati chulu, ndi paipi yonyezimira yaikulu ngati mwendo wa munthu. Wogulitsayo anawatchula mwaulemu kuti mzee, kutanthauza bambo wamkulu, n'kuwalumbirira kuti galimoto iziuluka. Bokosi lija analiponya kuseri kwa nyumba, kumene nkhuku ya mawanga inaliyesa mphatso n'kuyamba kuikiramo mazira.

Kuyambira pamenepo galimoto inapeza mawu. Akaponda moto inkakoka mpweya ngati ng'ombe yotopa, akachotsa phazi inkayetsemula. Pa boma ponse ankaudziwa mtsemulowo. Odwala pa benchi kuchipatala, azimayi pa mjigo, onse ankangoti, "A Ipume adutsa."

Ulendo woyamba wa ku Chisenga mayi Aida anavala chitenje chatsopano. Msewu unali wafumbi, koma anayenda bwino mpaka mapiri a Mafinga ataima patsogolo pawo. Pa chitunda chomaliza, madenga a kwawo akuoneka kale, kanyale kachikasu kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Galimoto inatsokomola, inanjenjemera, inazima.

Anthu a m'mudzi anali atamva kuyetsemula kuja ikadali kutali, ndipo anali kale pamsewu. "Mkweni wafika," anauzana, kunena mkamwini wawoyo, n'kutsika chitunda kudzakankha. A Ipume anatuluka, nauza akazi awo kuti agwire chiwongolero. Iwo ankayenda pambali, dzanja lili pa boneti.

"Kankhani mopuma, abale. Mpweya muzikoka ndi mphuno, muzitulutsa ndi pakamwa."

A Wallace, mlongo wawo wa mayi Aida, anapukuta thukuta. "Mlamu, ulendo wina muzitiuziratu, tizidya kaye."

"Yewo, mlamu. Koma mwaimva mmene imapumira?"

"Taimva. Tsopano tikupuma ndife."

Azimayi anayambitsa nyimbo, nthungululu zikulira, ana akuthamanga m'mbali. Mayi Aida analowa m'mudzi mwawo ali kutsogolo ndithu, koma nkhope atazolika, injini ili zii.

Zinachitikanso pa Khirisimasi. Zinachitikanso pa ukwati wa mwana wa a Wallace, pamene mkwati ndi mkwatibwi omwe anakankha nawo. Chitunda chomwecho, pafupi ndi mtengo wa msuku womwewo. Mpaka ana a sukulu anayamba kupatchula kuti pa Ipume.

Mayi Aida atatopa, anawakokera amuna awo kwa Clifford Sichali, makaniko wa kuseri kwa msika, munthu wokonda kumva mawu ake omwe. Clifford analumikiza kachipangizo pansi pa chiwongolero, nayang'ana pa foni yake, napukusa mutu nthawi yaitali kuti onse aone.

"Adada, galimoto iyi ili ndi kompyuta. Imafuna kudziwa mpweya umene walowa kuti ipime petulo woyenera. Kachipangizo koyeza mpweya anakapangira paipi ya bokosi lija. Mu paipi yanu yaikuluyi mpweya wambiri ukukalambalala, komanso kadetsedwa ndi fumbi ndi mafuta a fyulutayi. Ndiye kakunena kuti walowa wochepa."

"Kakunama?"

"Kakunena zimene kaona. Koma ku ekizozi kuli kanzake konunkhiza utsi, iko kakuti petulo wachepa. Kompyuta ikuwonjezera, ikuwonjezera, mpaka yafika polekezera. Pachitunda tebo ikakoka mpweya wambiri, ilibenso powonjezera. Basi, imagwa ulesi."

A Ipume anamvetsera manja ali kumbuyo. "Ndiye kuti ikupuma kwambiri?"

"Kuposa mmene ikudziwira."

"Ndipo ikudya kwambiri?"

"Kwambiri zedi."

Anatembenukira kwa akazi awo maso akuwala. "Mwamva, NyaKayira? Zizindikiro za thanzi ndi zomwezo."

"Bwezerani bokosi, adada," anatero Clifford.

"Muli nkhuku. Ikufungatira."

Pofuna kuzimitsa kanyale kaja, Clifford anamasula waya wa batire n'kunena kuti adikire pang'ono, kompyuta iiwale zonse zimene inazolowera. Apa ndi pamene analakwitsa, chifukwa a Ipume anali mkulu wa mpingo.

"Ikuiwala zonse?"

"Zonse. Ikuyambiranso ngati yatsopano."

"Ndiye kuti yakhululukidwa."

Kuchokera tsiku limenelo, ulendo uliwonse usanayambe ankamasula batire n'kuima pambali chipewa chili m'manja. Akamanganso ankalengeza kuti yayamba moyo watsopano. Koma pofika pa msuku paja inkakhala itabwerera ku machimo ake akale, kanyale n'kuyaka, mudzi n'kutsika.

"Bambo a Mwiza," anatero mayi Aida tsiku lina ali pa chiwongolero, "inenso mundimasule batire, ndiiwale manyazi a chaka chatha."

"Manyazi ati? Ndani wina amalandiridwa chonchi?"

Mayi Aida anangowongolera galimoto kupewa mbuzi.

Chaka chatha, nyengo yozizira, a Ipume anadwala chifuwa. Sanavutike nthawi yaitali. Tsiku lomaliza mwana wawo Mwiza anatseka zenera poopa mphepo, ndipo iwo anakweza chala chimodzi. Mwiza anamvetsa, natsegulanso. Anawaika pa boma pompano, monga anapemphera, chifukwa ankati ku Ntcheu mphepo imachita ulesi.

Galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka mvula inatha. Itakwana nthawi yokaona abale ku Chisenga, mayi Aida anapita kuseri kwa nyumba. Anathamangitsa nkhuku, mdzukulu wa ya mawanga ija, natsuka bokosi ndi sopo, n'kutumiza mawu kwa Clifford. Iye anachotsa fyuluta yofiira, anabwezera bokosi, anatsuka kachipangizo koyeza mpweya. Pomasula batire sanalankhule zambiri, zimene sizinali khalidwe lake. Anavula kapu yake n'kudikira.

Mwiza ndiye anayendetsa. Mayi Aida anakhala mpando wakutsogolo, atavala chitenje chabwino. Galimoto inkayenda mwaulemu, yosatsokomola, yosayetsemula. Anadutsa pamsika popanda wotukula mutu. Anafika pa chitunda chija, mayi Aida n'kugwira mpando mwachizolowezi, koma kanyale sikanayake. Msuku unadutsa. Anakwera mpaka pamwamba n'kuima pakhomo penipeni pa makolo awo, injini ikulira pang'onopang'ono.

Pabwalo panalibe munthu. Galu anatukula mutu n'kugonanso. Azilamu anali kudimba, ana kumtsinje, a Wallace kuseri akukonza mpini wa khasu. Palibe anamva kanthu.

"Tafika, amama," anatero Mwiza.

"Ndaona."

Anakhala m'galimotomo kanthawi, mazenera ali otseka. Kenako mayi Aida anatsitsa lawo. Anatuluka, n'kuyamba kuodira pakhomo pa makolo awo ngati mlendo wofunsa njira. A Wallace atatulukira anadzidzimuka, nayang'ana galimoto, nayang'ana kuchitunda.

"Monire, adumbu. Mwabwera bwanji osatiuza?"

"Tabwera bwino."

"Ndikuona," anatero a Wallace, akupukuta m'manja mouma kale. "Yachira."

Atabwerera ku boma, mayi Aida anaima pa galaja ya Clifford asanafike kunyumba.

"Fyuluta ija udakali nayo?"

"Ilipo, amama. Yavutanso galimoto?"

"Ayi. Galimoto ili bwino. Bokosilo ndikulifuna."

"Koma mukudziwa kuti izikazimanso pa msuku paja."

"Nkhuku ilibe poikira," anatero mayi Aida, akuyang'ana kumbali.

Clifford anatenga sipanala.

Masiku ano m'tchalitchi mwathu mazenera amakhala otseka mwezi wa Juni, ndipo palibe amene amazizidwa. Anthu amawodzera kwambiri pa ulaliki kuposa kale, koma nkhani imeneyo sitiikamba. Galimoto yofiira imatuluka mwa apo ndi apo, Mwiza ali pa chiwongolero. Ikayetsemula pa mphambano ya kumsika, anthu amatukula mitu, wina n'kutsala pang'ono kutchula dzina. Ndipo ku Chisenga, akangoimva ili kutali, a Wallace amasiya khasu, amaitana azilamu kudimba, onse n'kuyamba kutsika chitunda.