Tchalitchi Chathu pa Intaneti, Kiyi kwa Abusa

Lolemba

Zayambika! Dzulo Abusa analengeza kuti pofika Lamulungu likubwerali tchalitchi chathu chikhala pa intaneti, dziko lonse lizichiona. Anthu anaomba m'manja. Kenako onse anatembenukira kwa ine, poti ndine amene ndinapita ku maphunziro a komputadori ku Cuamba chaka chatha. Maphunziro ake a masabata awiri. Sabata yoyamba kunalibe magetsi.

Komabe ntchitoyi ndikuifuna. Chibwerereni kuchokera ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo, takhala tikuumba njerwa pang'onopang'ono, ndipo malata tangokhoma mwezi watha. Mwezi wamawa kuli mwambo wotsegulira. Anthu athu ambiri sanabwerere: ena ali ku Mangochi, ena ku Limbe, ena ku Joni. Achimwene anga a Lusiyano ali ku Limbe. Ndikawaitana amati, "Ndibwere kudzaona chiyani ku Mandimba, mabwinja?" Ndikufuna aone khoma la njerwa zootcha ndi maso awo.

Adiretori, ahedi a kusukulu kumene ndimaphunzitsa, andibwereka komputadori kwa sabata imodzi. Malangizo amene tinaphunzira ku Cuamba:

1. Patsamba loyamba chithunzi chimodzi chokha, chooneka bwino.
2. Mawu ochepa. Munthu wa pa intaneti ndi waulesi.
3. Nthawi ya mapemphero ndi njira yofikira zioneke msanga.
4. Zithunzi zikhale zopepuka kuti tsamba lisachedwe kutseguka.
5. Senya, mawu achinsinsi olowera aja, asunge munthu mmodzi.

Zosavuta. Lachinayi ndikhala nditamaliza.

Bambo akunyumba akuti, "Mukachikweza m'mwambamo, ife tizipemphera kuti?" Aseka okha mpaka kutsamwa.

Lachiwiri

Tsiku la chithunzi. Ndinauza Abusa okha kuti ndikaweruka ndidutsa kukajambula nyumbayo ilibe anthu. Abusa anauza Amayi Busa okha. Ndikufika, mpingo wonse uli pabwalo, wavala za Khirisimasi!

Alipo:
amayi a chigwirizano, mayunifolomu osita, mizere iwiri;
kwaya ndi ng'oma zake;
Bambo Fonseka, mkulu wa mpingo, ndi njinga yawo yatsopano, akuti njingayo ioneke;
Bambo Jeremiyasi, mkulu winayo, jekete lachisanu dzuwa lonseli;
anthu ena amene sindinawaonepo m'tchalitchi chibadwire.

Ndafotokoza kuti pakufunika nyumba yokha. Bambo Jeremiyasi akuti, "Mwanangu, mpingo si njerwa, mpingo ndi anthu." Abusa avomera, poti mawuwo ndi a ulaliki wawo womwe. Ndajambula. Pachithunzipo pakuoneka mitu, ndi kachidutswa ka lata pamwamba.

Ndayesa kuzembera kumbuyo kuti ndijambule khoma lokha. Abusa andithamangira: "Kumeneko ayi, aphunzitsi, sitinapake pulasitala!" Kumbali kuli mulu wa mchenga. Mbali inayo mbuzi za a Fonseka zagona pamthunzi, sizikusuntha, mwini wakenso akuti zisiyeni, nazo ndi zolengedwa.

Kenako aliyense akufuna chake. Munthu payekha, munthu ndi mkazi wake, munthu ndi mkazi wake ndi ana, kenako abwerezenso chifukwa anaphethira. Mayi Rozalina, mtsogoleri wa chigwirizano, akufuna ndiwachotse makwinya. Ndati sitinafike phunziro limenelo.

Foni yadzaza. Ndafufuta zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga kuti ena akwane. Asadziwe.

Langizo loyamba lapita.

Lachitatu

Mbiri ya mpingo. Ndakonza ziganizo zitatu: tinathawa, tinabwerera, tinamanga. Ndawerengera akulu a mpingo titatha mapemphero a masana. Kunali zii. Ndinayesa ayamikira.

Bambo Jeremiyasi akuti palembedwe kuti iwo ndiwo anayamba kubwerera, atasenza pamutu limu ya gudumu la galimoto imene timaimba ngati belu, kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo mpaka kuno.

Bambo Fonseka akuti, "Kubwerera abwerere ndi amene anathawa. Ine ndinali m'mapiri a ku Ngauma, dziko ndinalisunga ndine." Akutinso limuyo ndi ya thirakitala, ndipo inali yawo.

Bambo Jeremiyasi aimirira. Avula jekete. Abusa ayambitsa nyimbo. Tayimba mavesi onse mpaka awiriwo atakhala pansi.

Nkhani ya chilankhulo nayo:
Abusa akufuna Chipwitikizi, kuti a ku Lichinga atilemekeze;
amayi akufuna Chinyanja;
apongozi a Fonseka akufuna Chiyao;
a kwaya ena akuti Chimakhuwa;
Bambo Jeremiyasi akufuna Chingerezi, azungu awerenge. Iwo Chingerezi chimene amadziwa ndi chija chopemphera ufa kumsasa.

Agwirizana: zonse zisanu.

Anthu akubalalika, Mayi Rozalina andikokera pambali. Za makwinya sanatchule. Akuti ndilembe penapake kuti si onse amene anatsala ku Malawi mwa kufuna, ena tinawasiya m'manda. Ana awo awiri ali kumeneko. Mayi anganso. Chiganizo chimenecho ndachilemba pomwepo, ndipo sindikuchifupikitsa.

Mbiri tsopano ndi masamba asanu ndi limodzi. Ya limu yokha awiri.

Lachinayi

Lero linali tsiku lomaliza. Kutalitali!

Redi, netiweki ya foni ija, kuno kwathu imagwira malo amodzi: pachulu cha kuseri kwa chigafa cha fodya cha a Fonseka. Ndakwera ndi komputadori, foni ndaimangirira kunsungwi. Ikagwira imayamba yandilonjera kuti takulandirani ku Malawi. Ndikasuntha phazi, takulandirani ku Mozambique. Ndawoloka malire kambirimbiri osachoka pachulu.

Komabe zina zatheka! Ndapeza malo opangira masamba aulere. Ali ndi zitsanzo zopanga kale, iwe umangochotsa zawo n'kuikamo zako. Ndasankha cha matchalitchi. Pali chithunzi cha chinyumba chamiyala cha kwa azungu, nsanja kuboola mitambo, pansi ponse mbee chipale chofewa. Pamwamba pake ndalemba dzina la mpingo wathu. Chithunzicho ndisintha.

Mapu: ndabaya pamene ndikuona kuti ndi pathu, dzuwa likuthobwa m'maso. Ndikuyang'anitsitsa, tchalitchi chagwera tsidya lina la malire. Tinathawira ku Malawi kamodzi ndi miyendo, lero komputadori yatithawitsanso. Ndikonza.

Nthawi ya senya Abusa afika, akwera chulu chokwawa. Akuti kiyi wa nyumba ya Mulungu amasunga ndi mbusa. Langizo lachisanu silikukana. Alemba okha ndi chala chimodzi, dzanja lina aphimba, magalasi aiwala kunyumba. Akuti ndi vesi limene amalikonda. Ine ndayang'ana kumbali mwaulemu.

Ndayamba kukweza chithunzi chathu. Kamzere kakuyenda ngati nkhono yodwala. Abusa aona batani lobiriwira, afunsa kuti ili ndi lachiyani, adina asanamve yankho. Tsamba latuluka kudziko! Nthawi yomweyo linthumbwi latulukanso m'chulu, latilowa m'miyendo. Abusa atsika liwiro limene sindimadziwa kuti ali nalo. Batire lathera pomwepo.

Mawa ku Cuamba, kuli redi yeniyeni. Adiretori andilola, nkhope atakwinya.

Lachisanu

Ndakwera shapa, kaminibasi kaja, ya m'mamawa. Ndakhala pakati pa thumba la nsomba zouma za ku Amaramba ndi mayi wonyamula abakha. Komputadori pachifuwa ngati khanda. Fumbi! Tafika Cuamba tonse tili amtundu umodzi.

Ndapita kwa Bambo Amade, amene ali ndi kanyumba ka intaneti pafupi ndi msika. Munthu woleza mtima. Andionetsa kuchepetsa zithunzi kuti zipepuke, tasankha chimodzi chooneka khomo ndi malata, a Fonseka tawadula n'kutsala gudumu la njinga. Mbiri taibweza ku tsamba limodzi. Mapu ndawerenga bwino, ndadziwa pobaya. Zonse zakonzeka. Mtima mbee!

Kwatsala kulowa.

Ndaimbira Abusa. Andiuza vesi. Ndalemba. Yakana.
M'zilembo zazikulu. Yakana.
M'Chipwitikizi. Yakana.
Popanda mipata. Yakana.
Ndaimbanso. Akuti mwina analemba vesi lotsatira, poti onse awiri amawakonda. Yakana.
Akuti chala chawo n'chachikulu, nthawi zina chimadina ziwiri.

Bambo Amade akuti pali njira, makinawo atumiza senya yatsopano ku nambala imene tinalembetsa. Nambalayo analembanso ndi Abusa. Ndi ya foni yawo yakale, imene inagwera m'chitsime chaka chatha. Akuti ndi yokhayo imene amaidziwa pamtima.

Ndati basi titsegule tsamba lina. Ndalemba dzina la mpingo. Makina akuti dzina limeneli lili kale ndi mwini wake. Mwini wakeyo ndi ife! Nyumba ndi yathu, tili panja, m'katimo muli za eni. Ndauza Bambo Amade kuti zoterezi tinaziona kale chaka chobwerera chija. Aseka mpaka kupukuta misozi, akuti nawonso anapeza banja lina likuphika m'khitchini mwawo.

Tikuganiza dzina lina, magetsi azima. Akuti Cuamba yonse, mwina mpaka mawa. Ndipo Abusa anditumizira uthenga wosangalala: adiresi ya tsamba lija aitumiza kale kwa aliyense amene ali ndi nambala yake, mpaka ku Joni.

Ndagona kwa msuweni wanga. Akuti ndikununkha nsomba.

Loweruka

Magetsi sanabwere. Ndadikira pakhonde pa Bambo Amade mpaka shapa yomaliza itayamba kuitanira. Andipatsa nthochi za panjira, akuti, "Pepani, achemwali, makina alibe chisoni."

Chimene dziko likuona tsopano:
dzina la mpingo wathu;
chinyumba chamiyala m'chipale chofewa;
mawu a chitsanzo, m'chilankhulo chimene ngakhale Bambo Amade sakuchidziwa;
nthawi ya mapemphero ya eni ake;
mapu olozera m'munda wa munthu wina ku Malawi.

Tikuyandikira Mandimba foni yalira. Achimwene a Lusiyano! Iwo saimba, amadikira ine. Ndayankha msanga. Sakutha kulankhula, akungoseka. Akuti aonetsa anzawo onse kuntchito. "Achemwali, mwalemera chonchi osatiuza? Nanga ufa wonsewu mwamwaza pabwalo bwanji?"

Ndinafuna kukwiya koma kuseka kwandipambana, abakha a ulendo uno n'kumandiyang'ana. Ndafotokoza zonse, chulu, linthumbwi, chala cha Abusa.

Kenako akuti, "Nanga chenichenicho chikuoneka bwanji?"

Ndawauza ndi pakamwa. Kuti chili pamalo pomwe panali chakale chija chinapsa. Kuti mawindo ndi atatu mbali iliyonse, magalasi sitinaike. Kuti njerwa zina ndinaumba ndine, zopindika zija za pafupi ndi khomo. Kuti mtengo wa mango umene ankaba iwo ali mwana ulipobe, ukubereka. Afunsa ngati Bambo Jeremiyasi akadali moyo. Ndati ali moyo mopitirira muyeso.

Sananene kuti abwera. Angofunsa kuti mwambo uli Loweruka liti, ndiponso ngati pamalire amatseka nthawi ya masana. Mayunitsi awathera ndisanayankhe chachiwiricho. Ndawatumizira uthenga.

Ndafika kunyumba. Bambo akunyumba akuti, "Chatsika tchalitchi chija?" Ndawapatsa nthochi kuti atseke pakamwa.

Lamulungu

Ndalawirira kwa Abusa kukawauza kuti zalephereka, asalengeze. Akuti chikhulupiriro changa n'chochepa. Ayesanso kukumbukira vesi, atchula lina lachitatu.

Tchalitchi chadzaza, kutentha ngati mu uvuni. Komputadori ndaiika patebulo kutsogolo, ndi chithunzi cha tsamba lija chimene Bambo Amade anandisungira, anthu aone okha manyazi anga. Ndakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, kuti pothawa pasatalike.

Ulaliki watha. Abusa atulutsa kapepala, avala magalasi, akweza dzanja. "Abale ndi alongo, lembani adiresi iyi. Dabuliyu, dabuliyu..."

Pamalata: tho. Tho, tho. Kenako wooo! Mvula yoyamba ya chaka, yopanda ndi chenjezo lomwe. Phokoso lake pamalata atsopano, munthu sungamve ngakhale chifuwa chako. Abusa akuoneka pakamwa pokha kuti akulankhula. Apitiriza mpaka kumapeto kwa kapepalako, palibe wamva kanthu.

Anthu mwachizolowezi ayamba kunyamula mabenchi kufuna pouma, amayi kufunditsa ana zitenje, Bambo Fonseka atambasula ambulera. Zaka zonse za denga la udzu mvula ikayamba tinkatero. Ndiye wina wayang'ana m'mwamba. Wina wagwira pansi. Pouma paliponse! Mayi Rozalina ayamba nthungululu, amayi onse alandira, ng'oma zalowa, ngakhale sizikumveka. Bambo Jeremiyasi akuvina ndi jekete lawo, a Fonseka ndi ambulera yotambasula. Ine ndalira pang'ono, ndanamizira fumbi la ku Cuamba.

Za intaneti palibe wafunsanso.

Mvula itakata Abusa andipeza pakhomo. Akuti ntchito ndaigwira bwino kwambiri, moti abusa anzawo a ku Mitande akufunanso tsamba, ndipo awalonjeza kale kuti ndipita.

Ndavomera. Ndikanatani?

Komputadori ibwerera kwa adiretori mawa, ikununkha nsomba. Chovala changa ndinachiyanika panja m'mawa, chanyowa chonse. Mbewu ya chimanga sindinasankhe, ndipo anthu onse mawa akudzala.