Mtsuko wanga wa nang'omba

Pali anthu ena ku Manyamula amene mpaka lero akandiona angayambe kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Ine nkhaniyi sindiseka nayo. Ndikaikumbuka mtima umachita kuwira.

Zinali zaka za m'ma 1970, ine ndili mphunzitsi wongotuluka kumene ku koleji, wochokera ku Dowa, Chitumbuka ndikungodziwa "yewo" basi. Ndinkadziona ngati mlakatuli komanso katswiri wojambula (umboni wake unali kope limodzi la ndakatulo ndi mapu a pakhoma la Sitandade 6). Tsiku lina a hedimasitala analengeza kuti ku boma ku Mzimba kukhala chionetsero cha zaulimi ndi ntchito zamanja, ndipo sukulu yathu ipititseko kanthu. Ndinaimika mkono. Ndinati ndiumba mtsuko, ndijambulepo dziko la kuno, ndilembeponso ndakatulo. Aphunzitsi anzanga anayang'anizana. Mwamuna kuumba mbiya?

Kuseri kwa sukulu kunkakhala mayi wina woumba, a NyaTembo, wamfupi, wosalankhulalankhula. Nditawafotokozera anandiyang'ana manja nthawi yaitali.

"Asambizgi, manja awa nga choko," anatero. "Kweni zaninge, tiyezge." Ndiye kuti manja anga ndi a choko basi, komabe ndizibwera tiyese.

Anandionetsa dongo la kudambo, kuponda kwake, ndi kusinja mapale akale n'kusakaniza kuti mbiya isasweke pamoto. Za mapalezo ndinakana. Ndinati zikhakhalitsa mtsuko wanga, burashi siyenda bwino. Mitsuko iwiri yoyamba inagwa yokha ndikuumba, wachitatu unapendekeka ngati woledzera. Amayi opita kumadzi ankaima kumandionerera, ena mpaka kutula ndowa kuti aseke bwino. Wachinayi unaima (kunena zoona, khosi lake anakonza ndi a NyaTembo ine nditapita kukamwa madzi).

Ndiye kujambula. Ndinajambula mapiri a ku Viphya monga ndinawaonera popita ku Luwawa, mitengo ya paini ili ndandanda, dzuwa likutuluka kuseri kwake. Patsogolo ndinaikapo nang'omba, chimbalame chakuda chofiira pakhosi chija chimayendayenda m'madambo, chimene amati chikalira ndiye kuti mvula yayandikira. M'munsi ndinalemba ndi msomali mzere wa ndakatulo yanga: "Lira mbalame yakuda, masiku ako a ludzu atha."

A NyaTembo anauzungulira mtsukowo kawiri.

"Tambala uyu ngwakutowa," anatero.

"Si tambala ameneyu, amayi! Ndi nang'omba! Simukuona mlomowo?"

"Ine nkhuona tambala. Ndiposo dongo lindawome. Dikirani sabata ziwiri." Ankati dongolo silinaume.

Chionetsero chinali chitatsala masiku anayi. Ndinakwiya, ndinanena kuti kusukulu tinaphunzira sayansi ya kutentha, ndipo ndinauotcha ndekha pa mulu wa makungwa. Moto utakolera ndinamva kuti thu! Nditaufukula ndinapeza mng'alu wadutsa pakhosi penipeni pa mbalame ija, ndipo kachibenthu kathothoka pa ndakatulo. Ndinadzitonthoza kuti mng'aluwo ukuoneka ngati mphezi. Zimene zinatsala pa mawuwo sindinaziwerengenso, poti ndakatulo yanga ndinkaidziwa pamtima. Ndinadetsa mbalameyo ndi penti wa bolodi, pakhosi n'kupakapo chikule, ndi kuukulunga m'chiguduli.

Tinapita ku boma pa lole ya fodya, ine nditaufukata ngati khanda, a NyaTembo ali ndi mbiya zawo m'dengu. Pabwalo anatipatsa tebulo limodzi. Nditauvundukula anthu anayamba kuunjikana, ine n'kumakonza tayi. Koma ndinadabwa kuti aliyense akawerenga ankangochokapo mwakachetechete, osayang'ananso m'mbuyo. Ndinati ndi nsanje. A hedimasitala anabwera, anavala magalasi, anawerama. Atadzuka nkhope inali itatuwa.

"Sukulu yathu sinatumize kanthu chaka chino," anandinong'oneza. "Inu sindikukudziwani." Basi anapita, mofulumira kuposa mmene ndinawaonerapo akuyenda.

Nthawi yomweyo gulu la akuluakulu linali likuyendera matebulo. Patsogolo panali tcheyamani wa chipani, mabaji ali mbuu pajekete, pambuyo pake amayi ovala nsalu ya chipani ndi anyamata aja ankaima pazipata za msika kufunsa makadi a chipani. Anali atatsala matebulo awiri. Ine ndinali nditakonza kale mawu owalandirira.

Mwadzidzidzi a NyaTembo ananyamula nkhali yawo yaikulu ngati akufuna kuisuntha, anatembenuka, n'kugunda mtsuko wanga. Unagwa pansi phwaa! Asanathe n'komwe kunena "pepani" anali atagwada kale, akutolera mapale n'kumaponya m'dengu, ena n'kuwapondaponda ndi chidendene.

Abale, ndinapenga. Ndinaiwala tayi, ndinaiwala uphunzitsi.

"Mwachita dala! Ndakuonani ndi maso angawa! Nsanje basi, chifukwa mbiya zanu zosajambulazi palibe akuziyang'ana! Mayi woipa mtima inu!"

"Pepani chomene, asambizgi. Mawoko gha ucekuru."

"Ukalamba wa chiyani? Mwezi wathunthu ndikuvutika!"

Nditatembenuka ndinapeza tcheyamani ali pambali panga.

"Kodi ndinu ndani, wokalipira amayi pagulu chonchi?" anafunsa. "Simudziwa kuti m'dziko muno amayi ndi otetezedwa? Khadi lili kuti?"

Khadi ndinali nalo, mwamwayi. Anandifunsa chimene chinali pamtsukopo. Ndisanatsegule pakamwa a NyaTembo anayankha ali chogwada: "Mapiri waka, dada. Na makuni." Mapiri ndi mitengo basi! Mbalame yanga osaitchula, ndakatulo yanga osaitchula. Ndinafuna kuwatsutsa koma tcheyamani anali atalamula kale kuti ndigwade ndipepese, ndiponso m'Chitumbuka, kuti amayiwo amve bwino.

Ndinagwada m'fumbi, nditavala buluku langa la ku tchalitchi. Mawu a Chitumbuka amene anabwera m'mutu ndi amodzi omwe aja. Ndinati, "Yewo, amama. Yewo chomene." Anthu anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Munthu wamuswera mtsuko, iye akuthokoza! Tcheyamani naye anaseka, n'kupitirira ku tebulo la maungu.

Pobwerera pa lole sindinawalankhule. Titadutsa mlatho anapisa m'dengu, natulutsa mapale atatu, nawalumikiza pamwendo panga.

"Ine kuwerenga nkhumanya yayi," anatero. "Kweni nanguwona nkhope za awo wakawerenganga. Werengani mwekha." Ndiye kuti iwo kuwerenga sadziwa, koma anaona nkhope za amene ankawerenga, ndiwerenge ndekha.

Ndinawerenga. Kachibenthu kaja kanali katachoka ndi mawu akuti "a ludzu". Chotsala chinali: "Lira mbalame yakuda, masiku ako atha." Pamwamba pake chimbalame chakuda, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake, khosi lili chodukiratu. Masiku amenewo tambala wakuda, chizindikiro cha chipani cholamula, anali pa nsalu iliyonse, pa baji iliyonse, pa khadi limene linali m'thumba mwangamo. Anthu ankasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa. Thukuta linandituluka ngakhale kunali mphepo. A NyaTembo anatenga mapalewo n'kumawaponya kutchire limodzilimodzi, motalikirana.

Mukuganiza kuti ndinawathokoza? Ayi. Ndinangoti, "Komabe anali nang'omba." Ndipo ndinakhala miyezi iwiri ndikuzungulira njira ya kuchigayo kuti ndisadutse pakhomo pawo, chifukwa ana a sukulu anali atayamba kunditchula kuti a Yewo Chomene.

Chaka chotsatira anandisamutsira ku Euthini. Tsiku lonyamuka a NyaTembo anabwera ndi kamphika kakang'ono, kosalala, kopanda ngakhale kamzere.

"Aka kalije mazgu," anatero. "Kangamukakiskani yayi." Ndiye kuti kalibe mawu, sikangandimangitse.

Ndinalandira ndi manja awiri, koma pakamwa panangotuluka zoti lole ikundidikira. Sindinawaonenso. Ndiye mukandiona ndakwiya ndi nkhaniyi musaganize kuti ndi tcheyamani kapena a hedimasitala, amenewo ndinawakhululukira kalekale. Amene ndimalephera kumukhululukira ndi mphunzitsi wa tayi uja. Ndakatulo ndimalembabe, osanama, koma masiku ano ndisanaonetse munthu ndimayamba ndaphimba mawu amodziamodzi ndi chala, kuona chimene chitsale.