Ndinamiza Tomato wa Anaphiri

Nkhani iyi ndimaikamba nkhope ili pansi, ndipo njira yodutsa kudimba la akazi anga mpaka lero ndimailambalala.

Ine ndine mlimi wa mpunga kuno ku Bwanje. Kwa ife madzi ndiye mankhwala a chilichonse: mpunga ukaoneka wofooka, umatsegula ngalande, basi nkhani yatha. Tsono akazi anga, Anaphiri, atauzidwa kuti akagonekedwe kuchipatala ku Mua chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, anandisiyira dimba lawo la tomato kufupi ndi Golomoti. Tomatoyo anali atangoyamba maluwa.

"Abambo, ameneyo mumusamale ngati mwana," anatero akukwera kabaza.

Ndinawauza kuti asadandaule, ulimi ndinabadwa nawo (pakamwa pangapa pamathamanga kuposa nzeru).

Tsiku lachitatu ndinapeza masamba atazolika. Ndinati ludzu ili, n'kuthira kheni yathunthu pa phando lililonse. M'mawa mwake anali atazolika kuposa dzulo. Ndinayamba kuthirira katatu pa tsiku, kumunda kwanga osapondako, kwina kulikonse osapita. Poona kuti kheni ikundichedwetsa, ndinakumba kangalande kuchokera kumtsinje. Abale anga, achule mpaka anasamukiramo!

Sabata yachitatu alangizi a zaulimi, mayi wina wosakonda kuseka, anaimika njinga yawo yamoto m'mbali mwa dimba.

"Bambo, mwabzala tomato kapena mpunga?"

Anazula tsinde limodzi. Mizu inali itada, ikununkha.

"Mizu imapuma, bambo. Dothi lamakande ngati ili silitaya madzi msanga. Mizu ikabanika imatumiza uthenga kumasamba. M'kati mwa mbewu muli timapuloteni, dzina lake kayinezi, timene timapatsirana uthengawo monga timauzirana za maliro, uyu kuuza uyu, uyo kuuza winayo. Masamba akaumva, amazolika. Tomatoyu ankakuuzani kuti akumira."

"Ndiye ine ndimamuonjezera madzi?"

Alangiziwo anangondipatsa tsinde lija m'manja (ndinalilandira ndi manja awiri, sindikudziwa chifukwa chake).

Anaphiri anatuluka patatha mwezi, ataonda, akuyenda pang'onopang'ono. Asanalowe n'komwe m'nyumba anati ndiwaperekeze kudimba. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mitengo yomangirira ili njo, yopanda kanthu. Ndinkalakalaka atandikalipira, koma ayi ndithu.

"Munkathirira kangati?"

"Katatu pa tsiku," ndinatero, ndipo manyazi ndilibe ine, m'mawu mwanga munali kakunyada.

"Katatu pa tsiku," anabwereza motsitsa. "Ine ku Mua munabwera kawiri mwezi wonse."

Ndinasowa poyang'ana. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe, chifukwa sananame. Chaka chino abzalanso tomato, koma kheni amaibisa kwa achemwali awo. Ine ntchito yanga ndi kuwaperekeza ku sikelo ya magazi, ndipo sindinajombepo.