Ndinakwera fesiti kalasi ndi thewera lokha

Anthu akandifunsa ngati ndinakwerapo fesiti kalasi ndimati eya, kenaka ndimasintha nkhani msanga. Lero ndinene zoona. Ndinakweradi, koma mpando wake sindinaukhale.

Unali ulendo wanga woyamba pa sitima. Bambo a Yamikani ankagwira ntchito ku Limbe, ndipo chibadwire mwanayo anali asanamuone. Ndinanyamuka ku Lifuwu mwana kumsana, phukusi pamutu: mpunga, usipa pang'ono, zovala zathu, ndi kachitini komwe ndinkasungamo khadi ya chipani. Nditagula tikiti pa Salima ndinaiponyanso momwemo. (Khadi simusiyana nayo, mukudziwa. Ine aliyense wovala yunifolomu ndimamuopa, ngakhale wa kupositi.)

Mu thedi kalasi, abale anga, mabenchi ndi a matabwa, oyang'anizana. Mawondo anga analowa pakati pa mawondo a bambo wina wogulitsa mphasa, mapazi ali pa thumba la chinangwa cha eni ake, pansi pa benchi nkhuku zikundijompha chidendene. Kuti ukande mwendo umayamba wafufuza ngati uli wako. Atabwera a kondakitala kudzaboola matikiti ndinawapatsa yanga maso ali pansi ngati ndaba, ndiye Yamikani nayenso n'kugwira chingwe cha wezulo yawo, osafuna kusiya. Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Tikiti ndinaibweza m'chitini, chitini m'phukusi, phukusi ndinamanga mfundo zolimba.

Tikufika pa Chipoka mwana anali atachita zake, ndipo bogi yonse inadziwa. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandikodola.

"Achemwali, mpopi uli apo. Pano sitima imachedwa. Pitani mukachape, phukusi tikuonerani."

Ndinatsika. Miyendo inali itachita dzanzi, ndikuyenda ngati bakha. Ndinamusintha mwana, ndinamubereka, ndayamba kuchapa, thewera lili ndi thovu, ndinangomva sitima yalira. Kucheuka, ikuyenda.

Ndinathamanga, koma miyendo si yanga, mpopi uli kutsogolo, bogi yathu ili kumchira kwenikweni, mwana akugunda mutu pamsana, ine kugwira chitsulo cha khomo limene linali pafupi n'kudzikokera m'kati. Kumbuyo ndinamva anthu akukuwa kuti mayi uja watsala, ndipo ndinaona chinthu chikugwa pazenera n'kugubuduzika pasiteshoni. Ndinati za eni.

M'katimo munali zii. Mipando ya khushoni yotsamira, ndipo pakati pa mpando ndi unzake malo oti mutha kuyanikapo mpunga. Abambo awiri a mataye anatsitsa nyuzipepala n'kundiyang'ana, ine madzi a thewera akudontha pansi. Ndinathamangira chitseko chopita kumbuyo. Chokiya. Pagalasi ndinaona sekondi kalasi, makhushoni opyapyala koma aliyense ali ndi miyendo yakeyake. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti tikiti ndi khadi zili m'phukusi.

"Iwe mtsikana, tabwera kuno."

Anali mayi wachikulire wa mpango woyera kumutu, mikanda ya tasibihi yopempherera ili m'manja, miyendo yotupa ataiwongola. Dzina ndinalidziwa pambuyo, Abiti Jafali, ogulitsa nsomba. Ndinagwada.

"Amayi, ndalowa molakwa. Tikiti ndilibe pano, khadi ndilibe. Akandipeza andipereka kupolisi, ndiye mwanayu atsala ndi ndani?"

"Khala apa pampando, upume."

"Iyayi amayi, mpando umenewo si wa ife."

Tikulankhula choncho ndinamva kiyi m'chitseko. Sindinaganize. Ndinazembetsa mwana kubwera naye pachifuwa, ndinadzipinda m'malo a miyendo yawo aja, chigwadire, mutu pansi.

"Ndifunditseni, amayi, chonde."

Anaseka chamumtima (ndinamva mpando ukugwedezeka), anandiponyera nsalu, kenaka anakweza miyendo yawo yonse iwiri n'kuisanjika pamsana panga.

"Alihamudulila," anatero. "Chichokere ku Salima ndimafuna poika mapazi."

Yamikani anayamba kung'ung'udza. Ndinamutseka pakamwa ndi bere. Koma mwana ameneyu sayamwa mwaulemu, amachita kumveka ngati kamwana ka ng'ombe. Nsapato zakuda zinabwera n'kuima pafupi ndi mphuno yanga. Zinakhala nthawi.

"Amayi," anatero a kondakitala, "katundu wanuyu akuyamwitsa."

"Ndi mpunga wa ku Lifuwu, bambo. Umatero."

Abambo a mataye aja anaphulika. Nsalu inachotsedwa. Ine maso ali pansi, misozi ikugwera pa mwana, ndikungoti pepani bwana, pepani bwana.

"Si uyu mwini wezulo yanga uyu? Mayi, ndakufunani sitima yonse. Kumbuyoku kuli maliro, akuti mwatsala pa Chipoka. Tikiti yanu ndaboola ndekha, mukubisala chiyani?"

"Khadi, bwana. Ili m'phukusi. Ndiloleni ndikatenge."

Anakanda kumutu.

"Phukusi ndiye lili pa Chipoka. Anzanu ataona kuti mwatsala anati musavutike opanda zovala za mwana. Aliponya pazenera."

Ndinakhala pansi kwathunthu. Chinthu chija ndinati za eni chinali changa.

Abiti Jafali ndi amene analankhula. "Bambo, mwanayu akatsika pa Limbe opanda khadi, anyamata a chipani ofunsa makhadi pageti aja amusiya?"

A kondakitala anandiyang'ana, anayang'ana Yamikani amene anali atatambasula kale dzanja kufuna chingwe chija.

"Pa siteshoni ikubwerayi ndiimba lamya, phukusi alikweze sitima yotsatira. Pa Limbe mutuluke pambuyo panga, musatsegule pakamwa. Koma tikaima mubwerere kwanu ku thedi."

"Abwerere? Nanga miyendo yangayi andisisita ndinu?"

Anapukusa mutu n'kumapita. Atafika pachitseko anati, "Katundu salipira mpando. Asakhale pampando basi."

Ndiye ndinayenda ulendo wonse pansi, nditatambalala ngati pakhonde la kwathu, miyendo yowongoka mpaka zala, ndikusisita mapazi a Abiti Jafali. Anandipatsa mandasi ndi tiyi wa m'fulasiki. Thewera analiyanika okha pazenera la fesiti kalasi.

"Usaone ngati n'zachilendo," anatero. "Popita ku Maka ndinakwera ndege. Kutsogolo, kuseri kwa katani, anthu amachita kugona. Ife kumbuyo mawondo kuchibwano ngati thedi yanuyo, kungoti nkhuku mulibe. Miyendoyi inatupira komweko."

Ndinadabwa kuti ngakhale kumwamba miyendo ya anthu siilingana.

Pa Limbe ndinatuluka nditamatirira kumsana kwa a kondakitala, ndipo palibe anandifunsa. Bambo a Yamikani ananyamula mwana wawo, anamuyang'anitsitsa, misozi ili m'maso. Kenaka anayang'ana pamutu panga.

"Nanga katundu?"

Ndinawapatsa thewera. Linali litauma.

Phukusi linafika ndithu, chitini chili momwemo, mpunga wonse, usipa wokha ndi umene unachepa (sindikudandaula, wolisunga nayenso amadya). Mpaka litafika sindinatuluke m'nyumba, ngakhale kukatunga madzi.

Ndimawapempherera onse: Abiti Jafali amene sindinawaonenso, a kondakitala, ngakhale mayi uja amene anandiponyera katundu chifukwa cha chifundo. Tsopano khadi ndimaimanga pamfundo ya chitenje, ndipo mwana akachita zake m'sitima, bogi yonse ipirire, ine sinditsika. Chimodzi chokha chimandiwawa ndikapanikizika pa benchi la thedi. Khushoni lija linali pafupi ndi phewa langa kuchokera pa Chipoka mpaka Limbe, ndipo sindinalikhudze ngakhale ndi chala.