Mlatho wa Mabokosi a Olemekezeka Chikadza

M'dziko lina lolemekeza malamulo kwambiri, kutsidya kwa mtsinje wina waukali, kunali mudzi umene anthu ake ankaidziwa bwino ntchito ya phungu. Mabuku a kusukulu amati phungu amapita ku Nyumba ya Malamulo kukapanga malamulo ndi kukayankhulira anthu amene anamusankha. Anthu a m'mudziwu ankawamvera chisoni olemba mabukuwo. Iwo ankadziwa kuti phungu ndi munthu amene amagula bokosi pakagwa maliro.

Phungu wawo anali Olemekezeka Filimoni Chikadza, Mtonthozi Wamkulu wa Anamfedwa, Mwini Misomali, Bwenzi la Adzukulu Okumba Manda. Ku Nyumba ya Malamulo mawu awo sankadziwika. Koma kumudzi munthu akangotsirizika, mayi woyamba asanamalize kulira, galimoto ya Olemekezeka inkakhala itaima kale patsidya, bokosi likunyezimira vanishi.

Inkaima patsidya chifukwa mlatho unali mitanda iwiri yokha ya bulugamu, yopanda thabwa ndi limodzi lomwe. Chaka ndi chaka Nyumba ya Malamulo inkavomereza matabwa a mlathowo, ndipo chaka ndi chaka matabwawo ankafikadi, koma atakhomedwa kale mbali zonse n'kuikidwa chivundikiro. Anthu ankawoloka chokwawa. Nyengo ya mvula ena ankaterereka, ndipo ankaikidwa mwaulemu woti midzi yoyandikana inkachita nsanje.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sankaona kukoma kwa dongosololi: mayi Nachisale, ogulitsa zitumbuwa. Mwana wawo Esinati anali ndi pakati, ndipo a kuchipatala, chomwe chinali kutsidya, anali atanenetsa kuti asayerekeze kuchilira kunyumba. Mayiwo tulo sankalipeza. Anapita kukaonana ndi phungu kumalo kumene ankapezeka, kumaliro.

"Olemekezeka, mwana wanga mwezi wake wayandikira. Awoloka bwanji pamitanda ija?"

"Mayi, mwafika pa munthu woyenera," anatero a Chikadza, dzanja pachifuwa. "Chilichonse chikachitika musakavutike n'kubwereka. Ndili nalo bokosi la mlombwa, la zogwirira zonyezimira."

"Ine ndikunena mlatho, bambo."

"Mayi inu, ulemu!" anawadzudzula amayi anzawo. "Nkhani zachitukuko pamaliro?"

Komabe Olemekezeka anali munthu wa mtima wabwino, ndipo nkhaniyo anakaitula ku Nyumba ya Malamulo. Ataimirira, Sipikala anayamba wafunsa kaye kwa mlonda ngati mlendoyo anali ndi chilolezo. Zitadziwika kuti ndi phungu ndithu, mtsutso unayamba. Nduna ya Misewu inati mlatho umakhala pamwamba pa madzi, choncho ndi nkhani ya Nduna ya Madzi. Nduna ya Madzi inati madzi ake akudutsa pansi bwinobwino popanda dandaulo, vuto ndi matabwa, ndipo matabwa ndi a Nduna ya Nkhalango. Nduna ya Nkhalango inati mtengo ukangodulidwa umachoka m'manja mwake. Aphungu otsutsa anamenya matebulo n'kutuluka mokwiya, a mbali ya boma anamenya matebulo posangalala kuti atuluka, ndipo onse anakakumana kutiyi.

Pomaliza anatuma komiti kuti ikaone ndi maso. Komitiyo inafika pamtsinje, inalephera kuwoloka, n'kubwerera kukanena kuti palibe munthu wa m'mudzimo amene anabwera kudzadandaula. Sipikala anati ovomereza kuti nkhaniyi yatha anene kuti eya. Amene anali m'tulo ndi amene anakuwa kwambiri.

Nyengo ya kampeni itafika, a Chikadza anaganiza zazikulu: kupatsa banja lililonse bokosi lake anthu adakali moyo, kuti imfa isamadzidzimutse anthu. Anafika ndi lole yodzaza, mvula itagwa m'mawa wonse, mtsinje ukulusa. Anthu anaima kutsidya kwawo akuimba nyimbo zotamanda, koma panalibe wolimba mtima wokwawa pamitanda yonyowayo atasenza bokosi. Tsiku lomwelo matenda a Esinati anayamba.

Mayi Nachisale anafika pagombe atamugwira mwana wawo m'chiuno. Anayang'ana mitanda, anayang'ana lole, kenako anakuwa.

"Olemekezeka! Musawanyamule ayi! Ingowayalani chopingasa pamitandapo, lina pambuyo pa linzake, tiziwalandira bwino!"

Anyamata a chipani anayamba kuyala. Mabokosiwo anakwanira ndendende pamitandapo, zomwe sizinali zodabwitsa, poti matabwa ake anachekedwera mlatho womwewo. Lomaliza litangogunda gombe, mayi Nachisale anawolotsa Esinati akuponda pazivundikiro, ndipo dzuwa lisanalowe kuchipatala kunabadwa mwana wamkazi. Olemekezeka, poona kuti atolankhani ayamba kujambula, analamula kuti mabokosiwo akhomeredwe pamitanda, anadula riboni, n'kulengeza kuti ili linali loto lawo kuyambira ali mwana.

Dzinja limenelo palibe amene anagwera mumtsinje. Ana anapita kusukulu, odwala kuchipatala, ndipo adzukulu anayamba kuonda. Manong'onong'o sanachedwe. Anthu ankati n'zamanyazi munthu kumayenda pamwamba pa bokosi lake lomwe, mbuzi n'kumalipondaponda. Kenako mkulu wina anamwalira ndi ukalamba chabe, ndipo poti Olemekezeka analibenso matabwa, anaikidwa m'mphasa. Midzi yoyandikana inaseka mpaka kugwira nthiti.

Pachisankho a Chikadza anagwa chagada. Anangopeza voti ya mayi Nachisale ndi ya Esinati basi; akuti ngakhale akazi awo anazengereza. Anapambana a Yotamu Gwaza, amene lonjezo lawo linali limodzi: kubwezera mabokosi kwa eni ake. Ku Nyumba ya Malamulo ganizo lawo linadutsa popanda wotsutsa, ndipo kwa nthawi yoyamba mbali zonse ziwiri zinamenya matebulo pamodzi.

Tsiku lozula misomali mudzi wonse unasonkhana, amayi akululutira. Mayi Nachisale anaima pakati pa mlatho, mdzukulu wawo ali kumbuyo, misozi ili chuchuchu.

"Olemekezeka, nanga mwana uyu adzawoloka bwanji popita kusukulu?"

Olemekezeka Gwaza, Mbwezeretsi wa Ulemu wa Mudzi, anaika hamala pansi. Anamuyang'ana mwanayo mwachifundo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akuchita ngati akumuyeza.

"Musadandaule, mayi," anatero mofatsa. "Boma lino silisiya munthu m'mbuyo. Taitanitsa kale timabokosi ting'onoting'ono."