Ndinatsala Pang'ono Kugoneka Mkamwini

Nkhani iyi ndimaikana pagulu, koma inu ndikuuzani. Kusukulu ya udokotala ankatiuza kuti wofuna malo ophunzira za matenda a maganizo akagwireko milungu ingapo ku chipatala china, akuluakulu amuone, amulembere kalata yomuchitira umboni. Ine kalatayo ndinkaifuna kuposa chakudya.

Ndinapita ku chipatala china m'boma la Chongwe, kwa adokotala aakulu, mayi amene kalata yawo imamveka ku Lusaka. M'mawa uliwonse ndinkanyamuka ku Silverest nditamanga tayi, buku lonse la matenda a maganizo lili m'mutu (ndinakulira m'tauni ine, zakumudzi ndinkazionera pawindo la minibasi).

Mlungu wachitatu anandipatsa wodwala wangawanga: bambo wa ku Kanakantapa, mlimi wa tomato, wosowa tulo. Anabwera ndi mayi wachikulire. Sindinafunse kuti ndi ndani, ndinangoti, "Amayi, nkhalani apa pafupi nawo."

Mayi atakhala, bambo anatembenuza mpando n'kuyang'ana khoma. Ndinalemba: sayang'ana anthu m'maso. Ndikafunsa ankayankha monong'ona. Ndinalembanso. Mtima wanga unkavina, Mulungu andikhululukire.

"Amayi, agwireni kwanja, mtima unkhale pansi."

"Iyayi, ba dokota," anakana mayiwo, koma ine ndinakakamira. Mayiwo atangotambasula mkono, bambo analumpha mpaka pakhomo, chipewa chili pankhope. Eee! Ndinalemba kuti akuganiza kuti mayiwa akufuna kumupha, n'kudula mzere kunsi. Nditamubweza pampando ndinafika pa funso limene buku limati usalidumphe.

"Nanga kuchipinda na akazi anu, vinthu viyenda bwanji?"

Bambo anatuluka thukuta ngati ali pakati pa munda. Mayi anafunda chitenje kumutu n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. (Apa ndinayamba kuona kuti odwala ndi awiri.)

Ndinathamangira kwa adokotala aakulu. "Uyu afunika bedi lelo. Mwina bonse babili."

Anabwera, anawerenga pepala langa, n'kuwayang'ana anthuwo kamodzi kokha. "Amayi, aba ni bandani kwa imwe?"

"Ni akamwini anga. Mwana wanga ali na khanda, ndiye naapelekeza ine."

Adokotala anapempha mayiwo kuti adikire panja. Chitseko chisanatsekeke n'komwe, bambo anatembenuza mpando n'kutsegula pakamwa ngati wailesi: mbozi zamaliza tomato, pampu yafa, ndiye tulo tichokere kuti? Kenako anandiloza.

"Koma aba ba dokota bang'ono, bali bwino-bwino? Banifunsa va kuchipinda pamaso pa apongozi!"

Anamwino awiri anatuluka atagwira pakamwa. Ndinachita manyazi mpaka tayi inayamba kundikanyanga.

Kalata ndinalandira ndithu. Inati sindichedwa pantchito, ndimalemba mooneka bwino, ndipo ndine wolimba mtima kwambiri. Ndinanyada nayo. Pa tsiku la mafunso ku Lusaka, dokotala wina wa m'gulu lofunsa anaiwerenga, anaona dzina la chipatala, n'kuvula magalasi.

"Ooo, ndimwe ba apongozi baja?"

Malo sindinawapeze. Chaka chino ndikupemphanso, ndipo ndasintha: wodwala asanakhale pansi, ndimayamba ndafunsa aliyense m'chipindamo kuti ndi ndani wake. Dzulo ndinafunsa mayi wina amene anali m'chipindamo, ndipo anandiyankha.

"Ba dokota, ine nabwela chabe kukolopa."