Mitengo Yogonapo Nkhuku za Esinati

Lolemba, 9 Juni
Masabata atatu chimuikireni mkazi wanga Esinati. Nkhuku zake zisanu ndi ziwiri zasiya khola, zikugona mumtengo wa nachesi, ndipo vumbwe walawako kale. Alamu, mchimwene wake wa malemu, akuti: "Zikakana khola tizipha Lamulungu pokusudzulani. Kusiyana n'kunenepetsa vumbwe."
Ndili ndi buku la ulimi. Ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu. Nkhuku sizingandikanike.

Lachiwiri
Buku likuti mtengo wogonapo nkhuku ukhale:
wosabaya,
wokwana m'zala,
wotalikirako pansi.
Ndadula nsungwi. Ndikuipala mpaka kunyezimira, kenako ndikuipingasa m'khola.

Lachitatu
Tambala akukwera, akuterereka, akugwa chagada. Mathadzi aona zonse. Ulendo wa kunachesi, mtengo waminga! Za minga buku silikunenapo kanthu.

Lachinayi
Zatsala zisanu ndi imodzi. Nthenga mbwee kuseri kwa bafa.
Nsungwi ndachotsa, ndaika bulugamu wa makungwa ake. Ndikuyeza phazi la thadzi lokalamba ndi rula ya kusukulu. Landijompha pachala.

Lachisanu
A Nachisale, oyandikana nafe, aima pampanda: "Aphunzitsi, malemu sankasankha mitengo ayi. Dzuwa likapendeka ankangokhala pakhomo pa khola n'kumaziuza nkhani, zokha n'kumalowa."
Ndikufunsa kuti nkhani zanji.
"Zambiri zinali za inu."
Ine nthawi imeneyo ndinkakhala m'nyumba ndikuwerenga. Zaka zonsezi.

Loweruka
Ndakhala pakhomo pa khola. Nkhani ndilibe, choncho ndikuziwerengera buku, mutu wa mitengo yogonapo. Thadzi lokalamba lija lalowa, lachitira chitosi pa bulugamu, latuluka.
Alamu akunola mpeni pamwala. Sakufulumira.

Lamulungu
Apha zisanu. Mipando yachepa, ndiye alamu azula bulugamu wanga n'kumusanjika pa njerwa. Akuluakulu anayi akhalapo tsiku lonse, ndipo akuti sakupweteka m'pang'ono pomwe. Buku silinaname.
Andisudzula mwaulemu. Akuti ndinali mkamwini wofatsa. Andipatsa nthutumba, ndadya, chifukwa anthu akuyang'ana.
Thadzi lokalamba alisiya, eti nyama yake njolimba. Mawa ndikubwerera kwathu ku Luwani, ilo likhala, ndi la pamudzi pano. Ndapita pansi pa nachesi kukalitsanzika. Landilozetsa mchira.